Afrika wa pabwalo la sukulu yathu

Lolemba

Uthenga wafika m'mawa: inspetori wa maphunziro akubwera Lachisanu kudzaonerera phunziro langa. Langa ine! Zaka zitatu ndili kuno ku Ngauma, kumalire a Mozambique ndi Malawi, kulemba makalata opempha kuti andisamutsire ku Cuamba, kumene kuli amuna anga ndi mwana wathu Rosita. A diretori, mkulu wa sukulu yathu, akuti kumaofesi amamvera kalata ya inspetori basi. "Akakuyamikirani, Januwale muzikaphunzitsa ku Cuamba," akutero. Mtima uli m'mwamba. Ndatopa nako kulera mwana pa telefoni.

Phunziro lake: Afrika, malo ake, mbiri yake ndi kuchuluka kwa anthu ake. Mapu a sukulu anadyedwa ndi chiswe, chinangotisiyira Madagascar. Ndiye nzeru yandibwerera. Tijambula Afrika pansi, pabwalo, wamkulu woti munthu n'kuyendamo.

Zofunika:
phulusa la malire, ndowa ziwiri
mchenga wa Sahara
chingwe choyanikapo zovala, chikhale mtsinje wa Nile
beseni lakale, likhale nyanja ya Niassa
zidutswa za njerwa ndi mapale, za mapiramidi ndi nyumba zamiyala za ku Zimbabwe
nyemba, zoimira anthu

Nyembazo ndi zanga zambewu, koma palibe kanthu. Kumene kuli anthu ambiri tikuunjika, kuchipululu tikuwaza patalipatali. Chulu cha pafupi ndi mbendera chasanduka Kilimanjaro osachipempha n'komwe. Ana agwira ntchito mpaka masana, imvi za phulusa m'mutu. Afrika wathu watupa pang'ono kumadzulo, koma ndani angamuyeze? Wokongola!

Lachiwiri

Nigeria yatha. Yonse!

Ndikufika m'mawa, nkhuku za Mayi Alifa a kuseri kwa sukulu zili mkati, zikumalizira Ethiopia. Tambala waima pa Kilimanjaro ngati ndiye mwini dziko. Ndikupita kukadandaula. Mayi Alifa akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi: "Nanga porofesora, mwawaza nyemba pansi, mumati nkhuku ziziwerenge?"

Ndatapanso nyemba m'thumba. Zambewu zatsala theka.

Vuto lachiwiri ndi njira. Ndinaiwala kuti anthu opita kuchigayo ku Malawi amadutsa pabwalo pathu. Njinga zikulowa pa Morocco, kutulukira pa Somalia, matumba a chimanga kumbuyo. Sahara yense mizeremizere. Ndikuimitsa Che Mussa, aja amanyamula anthu panjinga, kuwapempha azilambalala. Akutsika mwaulemu ndithu. "Mayi, njira iyi tinathawira nkhondo, n'kubwereranso yomweyi. Asilikali sanaitseke. Lero itsekedwe ndi phulusa?"

Akwera, adutsa pa Sudan.

Lachitatu

M'kalasi muli ana khumi ndi anayi. Ena onse makumi anayi ali kuti?

Fatima, mtsikana wokhala kutsogolo amene sabisa mawu, akundiuza: m'mudzi mwamveka kuti porofesora watsirika sukulu. Ndikutuluka, ndikuyang'ana Afrika wanga ndi maso a m'mudzi. Mzere wa phulusa kuzungulira. Mapale. Nyemba zounjika. Beseni la madzi pakati. Mayo ine! Ngakhale ine ndikanapeza zotere pakhomo panga, sindikanalumpha.

Isanakwane teni koloko, amayi a mpingo afika ndi nyimbo, mipango yoyera kumutu. Akuzungulira gombe lonse, kuchokera ku Senegal mpaka ku Kenya, kuwaza madzi. Congo yanyowa kwambiri, ndipo mwina ndi bwino, kumeneko mvula ndi yosasowa. Azibambo a kumzikiti aima patali pansi pa mango, akuti iwo angoonerera. A diretori adzitsekera mu ofesi.

Ndikufotokoza mpaka mawu kusasa. Awa ndi mapu, amayi. Ili ndi dziko lathu, uku ndi kunyanja, uku ku Nampula.

"Ngati ndi mapu, mudzi wathu uli pati?" akufunsa Mayi Alifa.

Ndikuloza ndi kamtengo, pamalo pochepa ngati chikhadabo.

"Tonsefe, ndi mbuzi zomwe, pakanyemba kamodzi? Chipongwe!"

Komabe avomera kuti ana abwere mawa. Wina wanyamula chingwe cha Nile, akuti n'chake, chinasowa chaka chatha. Ndamanga luzi.

Lachinayi

Popeza tsopano onse akudziwa kuti ndi mapu, aliyense wasanduka katswiri.

Che Mussa afika m'mamawa, aima pa malire a Malawi ndi Mozambique, akupukusa mutu. Akuti mzere wanga waika munda wawo wa fodya ku Malawi. Munda! Pa mapu pamene Ngauma yense ndi nyemba imodzi! Akukankha phulusa ndi chala chaphazi, Malawi n'kuonda. Patapita ola, abambo ena amene anakwatira tsidya lija abweza mzere, n'kuwonjezerako pang'ono, kuti apongozi asakhale opanda dimba. Pofika masana malire asuntha kanayi.

Ndikuuza ana kuti azungu anagawana Afrika atakhala patebulo kwawo, osafunsa eni ake. Fatima akuti, "Anachita bwino kukhala kutali, akanabwera kuno sakanamaliza."

Zina zimene zachitika:
abakha m'nyanja ya Niassa
piramidi imodzi yasowa, yapezeka ikuchirikiza mphika kwa mlonda
wina waika mwala waukulu pa Mandimba, akuti ndi msika, sungasowe pa mapu

Ndakonza zonse. Nyemba zomaliza ndathira. Ndikuima pa Madagascar kuyang'ana ntchito yanga, ndikudziona kale pa chapa, minibasi ya ku Cuamba, matiresi pamwamba.

Kenako kumwamba kwada bii. Mvula yoyamba ya chaka! M'mudzi monse nthungululu. Ine ndili pakhonde la kalasi, manja m'mutu.

Lachisanu

Sindinadziwe kuti bwalo lathu ndi lotsetsereka kumwera.

Malire onse afufutika. Sahara ali mu Congo. Nyemba zonse, za ku Egypt, za ku Nigeria, zathu zomwe, madzi azikokolola n'kuziunjika kumunsi kwenikweni, pafupi ndi mpanda. Zina zatupa, zina zija za Lolemba zatulutsa timizu.

Nthawi yokonza palibe. Njinga yamoto yalira, inspetori atsika, matope mpaka m'mawondo, chikwama chakuda m'khwapa. Ana andanda m'mbali mwa matopewo.

"Ichi n'chiyani?" akufunsa.

"Afrika!" ana onse pamodzi.

"Nanga anthu ake ali kuti?"

Fatima akuloza mulu wa nyemba kumpanda. "Apita ku Joni, bambo. Kumtunda kulibe ntchito. Atate anganso ali komweko."

"Timizuti?"

"Akwatirako."

Inspetori akuti amene ali ndi m'bale ku Joni akweze mkono. Mikono mbwee. Ku Nampula? Ku Malawi? Ku Beira? Ana akufotokoza okha: amene anapita, amene amatumiza uthenga, amene anangoti zii. Wina akuti agogo ake anabadwira kuno, anakulira kumsasa wa othawa nkhondo tsidya lija, ndipo sadziwa kuti powerenga anthu aziwerengedwa kuti. "Ku Cuamba?" akutero inspetori. Ndikuzindikira mkono wanga uli m'mwamba. Manyazi!

Akulemba, akulemba, tsamba lonse. Pochoka akundigwira chanza ndi manja awiri. "Phunziro lamoyo ngati ili sindinalionepo." Sindikuwauza kuti waphunzitsa ndi mvula.

Loweruka

Ndakwera njinga ya Che Mussa mpaka ku Mandimba. Njira yonse akudzitama kuti inspetori wakondwa chifukwa iwo anakonza malire. Ndikungovomera, lero sindikangana ndi munthu.

Ndaimbira amuna anga. Akuti ayamba kufunsa nyumba ya zipinda ziwiri kufupi ndi njanji. Ndagulira Rosita nsapato, ndangoyerekeza phazi ndi chikhatho.

Pokwerera chapa ndikukumana ndi a diretori, nkhope ili ngwee. Akuti anaperekeza inspetori dzulo ndipo inspetoriyo anawawerengera kalata yonse. Akuibwereza pamtima, chala m'mwamba: mphunzitsi waluso, wodziwa kuphunzitsa popanda mabuku, wogwirizana ndi makolo. Ndikumwetulira. Akupitiriza: "Mphunzitsi wotere ndi chuma cha kumudzi, asachotsedwe ku Ngauma. Aphunzitsi a sukulu zozungulira azibwera kudzaphunzira kwa iye."

"Mwatikweza, porofesora!" akutero.

Ndangokhala pa thumba la makala la munthu wosamudziwa.

Lamulungu

Kutchalitchi amayi aja andipatsa malo kutsogolo. Mayi Alifa atumiza mazira asanu, akuti ndi a nkhuku zija, ndilaweko nyemba zanga.

Masana ndapita pabwalo ndi khasu. Nyemba za ku Joni ndazitola, zomera ndaziwokera kuseri kwa nyumba. Mizere itatu. Poti ndikhala, ndidzadya.

Ndauza amuna anga asiye kufunsa za nyumba. Apereka telefoni kwa Rosita. Ndikumuuza za nsapato, ndikuti ndibwera nazo pa Khirisimasi.

"Mudzabwereranso ku Ngauma?"

"Eya, mwanangu. Sukulu ikadzatsegulidwa."

"Atate ake a mnzanga Lusiya ali ku Joni, koma akuti chaka chino akubwera osabwereranso. Ku Ngauma n'kutali kuposa ku Joni?"

Ine mphunzitsi wa mapu, woyamikiridwa ndi inspetori, ndabwerera ku nkhani ya nsapato. Ndamuuza ayeze phazi ndi kachingwe, atate ake andiuze kutalika kwake, mwina nsapatozi n'kukasintha zisanamuthine.