Kamaginito ka a Machemba

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo wina akadzakuuzani kuti unayambira kwina mudzamuyang'ane m'maso kawiri. Ine ndinalipo, ku Bangwe komweko. Mpanda wanga unagundana ndi wa mwini nkhaniyi.

Mwini nkhaniyo anali a Machemba, mmisiri wowongola magalimoto ochita ngozi. Pa luso panalibe wowaposa, koma chilungamo chawo chinali cha apo ndi apo. Galimoto yodyeka ndi dzimbiri ankaimata phala lija amati fila, n'kuisalaza, n'kuithira penti, mawa lake yapita kwa wogula ikunyezimira. Ndiye poti iwo anapusitsa anthu kwa zaka makumi anayi, sankakhulupirira munthu aliyense. Ukawapatsa moni ankayamba aganiza kaye chimene ukufuna. M'thumba la ovolosi yawo munkakhala kamaginito kochotsa m'sipika yakufa. Galimoto iliyonse ikafika ankakagunditsa pathupi pake. Kakamata, ndiye kuti ndi chitsulo. Kakagwa, pansi pa pentipo pali phala.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene ankachikonda osakayika. Ali mnyamata, akuphunzira ntchito ku Limbe, pagalaja pawo pankabwera galimoto ya mwini munda wina wa tiyi. Inali yofiira, boneti yaitali, kumbuyo kwakufupi, nyali zozungulira, mizere iwiri yoyera kuchokera kumphuno mpaka kumchira. Ikalira, malata a galajayo ankanjenjemera. Nkhani ya galimoto imeneyo ana awo anaimva mpaka kuiloweza.

Mwana wawo wamkazi, Feliya, amene ankagwira unamwino ku Joni, sanaiiwale. Atamva kuti opanga magalimoto ayamba kutulutsa zatsopano zovala maonekedwe akale aja, iye ndi mwamuna wake Wedisoni anadzimana kwa zaka zingapo. Tsiku lina m'mawa galimoto inatsitsidwa pakhomo pa a Machemba: yofiira, boneti yaitali, mizere iwiri yoyera, mapepala ake onse ali m'dzina lawo. Feliya anaimba foni. "Ababa, ine ndifika Loweruka la sabata la mawa pa basi. Mudzanditenge kudepoti pa galimoto yanuyo, ndikuoneni muli pa chiwongolero."

Akazi awo, aNagama, anaimba nthungululu mpaka mawu kusasa. Koma a Machemba anaizungulira galimoto ija katatu manja ali kumbuyo.

"Anagula ndani?" anafunsa motero.

"Ana anu," anayankha aNagama.

"Ndikuti anapita kokagulako ndani? Si mkamwini uja? Munthu woseka asanamve nkhani ine sindimukhulupirira. Galimoto iyi ndikuidziwa. Ndinaitsukapo ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Lero akuti ndi yatsopano?"

"Nanga fungoli simukulimva? Mipando idakali m'mapulasitiki."

"Fungo limagulidwa m'botolo, mayi. Ndapoperapo ine."

Anatsegula boneti kufuna kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya m'magalimoto akale, osamupeza. Injini yonse inali yovundikiridwa ndi chivindikiro chakuda. "Mwaona? Chabwino sabisa," anatero. Atayang'ana mtunda umene galimotoyo yayenda anapeza kuti ndi wochepa kwambiri, ndipo anaseka chapansipansi, pakuti manambala otero iwo anawabwezapo m'mbuyo kosawerengeka. Kenaka anapisa m'thumba. Anagunditsa kamaginito pa boneti, kanatsetsereka n'kugwa m'fumbi. Anakapukuta, anayesanso. Kanagwanso. Pa bampala ndiye sikanayerekeze n'komwe.

A Machemba anakhala pansi pa tayala lakutha. Ndinawaona ndi maso angawa, nkhope itagwa, ndipo ndinawamvera chisoni, chifukwa ankakhulupiriradi kuti mwana wawo waberedwa thukuta lake.

"Muimbireni mwanayo mumufunse," anatero aNagama.

"Ndimuimbire kuti akauze mwamuna wake, mwamunayo akonze bodza? Ayi. Adzapeza umboni uli poyera."

Tsono pamsewu pathu panali Mangulenje, wogulitsa matayala akale, munthu wa mawu otsekemera amene ngakhale nkhuku zake zinali zonenepa ndi chimanga cha eni. Iyeyu anali atayendapo kunja, ndipo magalimoto oterewa anali atawaonapo. Anafika akupukusa mutu.

"Akuluakulu, pepani. Ndamva kuti maginito akana."

"Akana," anatero a Machemba.

"Ha! Anyamata a masiku ano alibe mantha. Kupusitsa wina aliyense, chabwino, koma inu? Mphunzitsi wa ntchitoyo? Komatu maginito okha anthu sangakhulupirire. Inu muli ndi khutu. Igogodeni, tonse timve."

Mawu amenewo anawafika pamtima a Machemba, chifukwa khutu lawo ankalinyadira. Anayamba ndi nkhonya. Pachitseko panalira kuti ngo, ngo. Pa boneti panalira mosiyana. Pa bampala panangoti phu, phu.

"Mwamva?" anakuwa Mangulenje. "Ombaninso apo, akuluakulu! Apa! Nanga apa?"

Nkhonya itatopa anatenga hamala ya labala. Anthu anayamba kusonkhana, amayi ochokera kumjigo, akabaza, ogulitsa makala, onse kufunsana kuti kwa a Machemba kwagwa chinamwali chanji poti ng'oma ikulira masanasana. Iwo ali ngo, ngo, phu, phu, thukuta lili kamukamu, kufotokozera khamulo pamene pali chitsulo ndi pamene pali chinyengo. Boneti inayamba kuchita timaenje. Ine ndinayang'ana pansi, ndipo ndinaona phazi la Mangulenje likuponda motsatira kugogodako. Ndinakayika pomwepo, koma ndinati za eni.

Khamu litabalalika, Mangulenje anawakokera a Machemba pambali. Mpanda wathu unali wa bango, choncho zonse ndinazimva.

"Akuluakulu, ine ndikudera nkhawa dzina lanu. Mvula yoyamba ikangogwa, phala lonseli liyamba kusweka. Lidzagwa pamsewu, pakati pa Limbe, inu muli m'katimo. Anthu amene munawagulitsa magalimoto aja adzaseka mpaka kugwa chagada."

A Machemba anangoti kukamwa yasa. Zimenezo n'zimene ankaziopa kuposa imfa.

"Ine ndili ndi chipikapu changa chija," anapitiriza Mangulenje. "N'chakale, inde, koma sichinamizira utsikana. Tisinthane. Chiphala chanuchi ine ndikachiika kuseri, nkhuku zanga zizikaikiramo mazira. Mwana akabwera mudzamuuze kuti mwapulumutsako kena kake."

Anapita kukachiona chipikapucho. Chitseko chimodzi chinali chomanga ndi waya, ndipo pansi pa mpando pankaoneka msewu. A Machemba anatulutsa kamaginito. Pa boneti kanati nga! Pachitseko nga! Padenga nga! Mpaka anachita kukakoka ndi manja awiri.

"Ichi ndiye chitsulo," anatero akumwetulira koyamba sabata imeneyo.

Mapepala osinthira umwini Mangulenje anali nawo kale m'thumba la jekete, cholembera chomwe. Munthu amene ankakayikira moni sanafunse kuti mapepalawo akonzedwa liti. M'mawa mwake anapita limodzi ku ofesi, zonse zinatheka mwalamulo. Pobwera a Machemba anandinong'oneza pampanda kuti, "Achimwene, Mangulenje ndamugoneka. Watenga phala, ine ndatenga galimoto."

Loweruka lija a Machemba anapita kudepoti pa chipikapu, atachita kuchikankhitsa kuti chilire. Feliya anatsika basi maso ali mwazumwazu kufuna galimoto yofiira. Anangoona chipikapu chija, n'kukwera. Atafika kunyumba, bambo ake anamukhazika pakhonde n'kumufotokozera zonse mwadongosolo, monga munthu wopereka umboni kubwalo: za fungo, za kabuleta, za kamaginito.

Feliya anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anafunsa mwakachetechete, "Ababa, kamaginitoko kali pomwepa?"

Anamupatsa. Iye analowa kukhitchini, anatuluka ndi poto wa mayi ake, uja wophikira nyemba. Anagunditsa kamaginito pa potoyo. Kanagwa pansi.

"Potoyu nayenso ndi phala, ababa?"

A Machemba anatola kamaginito, anayesa okha. Kanagwanso.

"Boneti ija ndi ya aluminiyamu, ngati potoyu," anatero Feliya. "Amapangira dala kuti galimoto ipepuke. Bampala ndi pulasitiki. Kabuleta analeka kalekale kuika. Chakale pa galimoto ija ndi nkhope yokha, ndipo nkhopeyo ndi imene tinakusankhirani, chifukwa ndi imene munkatiuza tili ana. Wedisoni anagwira ntchito maholide atatu osapuma. Mukanangondiimbira, ababa. Foni munali nayo m'thumba lomwelo mmene munali kamaginito."

Misozi inatsika m'masaya mwa Feliya. ANagama anangofunda chitenje kumutu. Kunena zoona, ine kuseri kwa mpanda ndinagwidwa ndi manyazi, pakuti ndinali nditaona phazi lija ndipo sindinanene kanthu.

A Machemba anadzuka kuti akabweze malondawo. Chipikapu chinakana kulira, choncho anayenda wapansi, ife tikuwatsata. Tisanafike n'komwe kwa Mangulenje tinamva kulira kuja, kogwedeza malata, kumene iwo anakhala akukusimba zaka zonsezi. Galimoto yofiira inaima pamsika, timaenje ta pa boneti titawongoledwa kale ndi mmisiri wina wa ku Ndirande. Nkhuku munalibemo. Zitseko zonse zinali zotsekula, wailesi ili pamwamba, ndipo pambali pake Mangulenje, atavala magalasi akuda, ankadula chiuno pakati pa anthu akumuombera m'manja.

"Mangulenje, undibwezere galimoto yanga!"

"Iti, akuluakulu? Yaphala ija?" anayankha osaleka kuvina. "Si inu nomwe munaiomba pamaso pa Bangwe yense, n'kulengeza kuti ndi yachinyengo? Ine ndine mbuli, ndinangokhulupirira khutu la mmisiri. Mapepala ndi awa, dzanja ndi lanu."

A Machemba anayang'ana khamulo kufuna wowaikira kumbuyo. Koma ambiri mwa anthuwo anali omwe aja anaimirira pakhomo pawo tsiku logogoda, ndipo awiri kapena atatu anali atagulapo magalimoto kwa iwo. Palibe anawathandiza. A Machemba anapisa m'thumba, anatulutsa kamaginito kaja, anakayang'ana nthawi yaitali, n'kukaponya m'ngalande. Kanakamatirira pa chitini chadzimbiri, kuti nga.

ANagama anagwira mwana wawo padzanja kuti azibwerera. Asanatembenuke anayang'ana amuna awo, anayang'ananso Mangulenje akuzungulira galimoto ija ndi chiuno, ndipo ananena mawu amene mpaka lero mukuwamva m'kamwa mwa anthu:

"Wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina."