Mbuzi ya Lonjezo Yaphunzira Kukwera

Lolemba
Dzulo m'tchalitchi ndine ndinawerenga lamulo la komiti ya zaumoyo: mbuzi isayende yokha, igone m'khola lam'mwamba, ndowe zisesedwe zisafike kumjigo. Yoyendayenda igwidwa. Ndinawerenga mokweza, maso pa mabenchi a ena. Ambuye mundikhululukire, yanga imagona pakhonde.
Ndi mbuzi ya lonjezo. Mayi akunyumba atachira matenda aja, ndinailonjeza kwa Mulungu. Ndiipereka Lamulungu likubwerali, la masika. Ingofika osagwidwa.
Zofunika: mitengo, nsungwi, luzi, kuleza mtima.

Lachiwiri
Khola latha. Lafanana ndi thandala loyanikira usipa. Manja a kunyanja kuno sadziwa kumanga china. A Saidi, anansi athu, aima kuliyang'ana: "Achimwene, ngalawa mulibe, muyanikapo chiyani?"
Mbuzi yakana makwerero. Yagona kunsi, podzagwera ndowe.

Lachitatu
Sukulu yayamba. Madeya pa sitepe iliyonse, mchere pamwamba penipeni. Ndikukwera ndekha chokwawa kuti ione. Mayi akuti: "Wophunzira msanga mwa awirinu agone momwemo."
Ndaitukwana mbuziyi. Chopereka cha Mulungu amatukwana? Mtima sukukhazikika.

Lachinayi
Yakwera! Yatsika, yakweranso, popanda madeya. A zaumoyo adutsa, ayamikira, akuti ena azidzaonera pano. Ndayankha modzichepetsa, koma mumtima ndatupa. Tchimo limeneli ndikulidziwa dzina.

Lachisanu
Ndinaitsitsa n'kuimangirira kuti ndisese. Yatafuna chingwe. Kanthawi kochepa, akazi a a Saidi akukuwa: mbuzi ili pamwamba pa thandala lawo, ikufuna mchere. Latyoka. Usipa wonse mumchenga, wauwisi.
Mbuzi za ena zimathera pansi. Yangayi ndinaiphunzitsa ndine.
Akomiti aitenga.

Loweruka
Chigamulo: mbuzi ipite kwa a Saidi. Ndati ndi ya Mulungu. Apampando ayankha mofatsa: "Lamulolo tinalimvera pakamwa panu." A Saidi osandiyang'ana: "Ndikanakusiyirani, achimwene, koma anawa usipa uja ndiwo unali chakudya chawo."
Ndawabwereka khola ayanikepo usipa kufikira atamanga thandala lina.

Lamulungu
Anzanga akupita kuguwa ndi mpunga, nkhuku, mitolo ya nzimbe ya ku Dwangwa. Ine kalichero ka chinangwa. Mayi ali pambali panga, akuyimba ndi mawu onse, amene chaka chatha sankatha kudzuka. Ndaulula kwa abambo ansembe. Akuti lonjezo likadalipo, koma Mulungu sathamangira; mnansi ndiye anali ndi njala.
Kunyumba, usipa wa a Saidi ukuwala pa khola langa. Ukuuma bwino kuposa pa thandala lawo, akutero.
Mbuzi aimangirira pa mtengo wa mango. Ikuyang'ana nthambi. Ndipite ndikawachenjeze.