Mmene Ndinakanira Ukapitawo

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, koma poti a Namakhwa, anzanga amene tinkathyola nawo tiyi, amaifotokoza mokometsera pamaliro paliponse, bola ndidzivule ndekha.

Nthawi ya Chitaganya ndinkathyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Khonjeni. Kapitawo wathu atapuma pantchito, kunamveka kuti bwana wachizungu wasankha ine. Ukapitawo sunali masewera: yunifolomu ya kaki, njinga, ndi kutsanzikana nalo dengu lakumsana. Mkazi wanga anaphikiratu thobwa.

Amalume anandiitanira pambali.

"Mphwanga, udindo saulandira ngati galu wolandira fupa. Ukakane kawiri, kachitatu uvomere monyinyirika. Wodzichepetsa ndiye amakwezedwa."

Mu ofesi ndinakana mpando n'kukhala pansi, chipewa m'manja. Bwana ankalankhula, kalaliki n'kumamasulira.

"Akuti mungathe kuyang'anira anzanu othyola?"

"Ine ndine yani, bwana? Munthu wachabechabe ngati ine?"

Kalaliki anandiyang'ana kaye, kenako anamasulira zonse osasiyako. Mumtima ndinati, kamodzi ako.

"Akuti mukutsimikiza?"

"A Namakhwa amandiposa kutali. Ine changa n'tsache basi."

Kalaliki anatsokomola n'kunditsinzinira diso. Ine ndinkati akundiyamikira. Kawiri ako. Ndinakonza kukhosi, "inde" ali kale palilime, kudikira kachitatu.

"Very honest man," anatero bwana, n'kundigwira chanza. "Call Namakhwa."

A Namakhwa anafunsidwa ine ndili pansi pomwepo. Funso lisanathe n'komwe anali atayankha kale: "Yes, bwana!" Ine anandipatsa chimene ndinapempha ndi pakamwa panga, ntchito yosesa pafakitale. Ndinafuna kulira.

Kunyumba ndinapeza anthu atadzaza pakhonde.

"Abambo a Esinati, njinga ili kuti?" anafunsa mkazi wanga.

"Ndadzichepetsa."

"Mpaka pati?"

Ndinamuonetsa tsache.

Amalume anadzuka pampando. "Unakana kangati?"

"Kawiri, monga munanenera."

"Nanga kachitatu?"

"Mzungu safunsa kachitatu, amalume."

Nthawi yomweyo belu la njinga linalira pabwalo. A Namakhwa, kaki ali mbuu, anatsamiritsa njinga ija pakhoma langa, akuti abwera kudzathokoza mboni yawo. Mkazi wanga anawatungira thobwa mwaulemu.

"Pepani, ndakhuta," anatero.

"Imwani pang'ono."

"Ayi, zikomo."

"Chonde, a kapitawo."

Kachitatuko analandira, n'kumaliza chikho chonse. Mwambo ankaudziwa bwino, munthu uja.

Kudzichepetsa n'kwabwino, koma uziyamba waona ngati wokufunsayo amadziwa kukakamiza.