Ankolo Lameck ndi Injini Yoletsedwa Kutsegula

Ankolo Lameck Matewere ankakonda mpikisano wa magalimoto kuposa munthu aliyense amene ndinamudziwapo, koma analibe nazo ntchito zoti wapambana ndani. Mukawauza kuti uje ndiye wafika poyamba, ankangokuyang'anani ngati mwawauza kuti kunja kwacha. Chimene iwo ankafuna kudziwa n'chakuti injini yakeyo anampatsa ndani, anapangana zotani, ndipo ndani anapita kunyumba atakwiya tsiku losaina mgwirizanolo.

Ine ndinawadziwa mu 2002, nditangofika ku South Bend kudzaphunzira. Nthawi imeneyo ankachapa zovala kunyumba yosungira okalamba, koma kumudzi anali makaniko wa mabasi ku Blantyre kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anandipatsa lifiti pochokera kutchalitchi, ndipo ndinadabwa kuti munthu wolankhula za liwiro chonchi ankadiraiva ngati wanyamula mazira pamutu. Ngakhale agogo achizungu ankatipitirira akuliza hutala. Ankolo anati kuthamanga n'kwa anthu amene safuna kumva zimene injini ikunena.

Mu 2004 anasamukira ku Indianapolis. Akazi awo, anti Evelina, anali atapeza ntchito ya unesi ndipo anawakonzeranso amuna awo malo abwino pachipatala pomwepo. Ankolo anakana. Anali atamva kuti katimu kena ka magalimoto a mpikisano, chakumadzulo kufupi ndi Lafayette Road, kakufuna wosesa m'galaja. Anti analankhula mpaka mawu anasasa, koma Lolemba lake ankolo anadzuka, nasita shati, n'kupita kukagwira tsache akumwetulira ngati awakweza pantchito.

Kumeneko ndi kumene anapeza chinthu chimene chinawasowetsa mtendere. Timu ija injini sinali yake. Inkabwereka ku kampani ina yaikulu, ndipo injiniyo inkabwera itamangidwa timawaya tokhala ndi chidindo kuti wina asaitsegule, ngakhale mwini timu amene. Inkabweranso ndi munthu wake woilondera, mayi wina dzina lake Joan, amene ankakhala pambali pake ndi kompyuta tsiku lonse. Kwa munthu amene anaphwasula mainjini a mabasi mpaka kabawuti komaliza, zimenezi zinali ngati kumuika pamaso pa mphika wovundikira n'kumuuza kuti angonunkhiza.

Amakaniko a kumeneko anadzandiuza pambuyo pake kuti malo ozungulira injiniyo ankawala kuposa tebulo lodyera, chifukwa ankolo ankasesapo kasanu m'mawa umodzi. Ankafunsa Joan kuti mkatimo muli mavavu angati, opangidwa ndi chitsulo chanji, ndipo n'chifukwa chiyani injini ya galimoto imodzi ikulira mosiyana ndi ya inzake pamene akuti n'zofanana. Joan ankayankha mwaulemu kuti saloledwa kunena. Ankolo ankathokoza kwambiri, n'kubwerera mawa lake ndi funso lomwelo atalivekanso malaya ena.

Ife Amalawi ndi amene tinavutika nazo. Pa chinkhoswe cha Bongani ndi Flora ku Lawrence anawapempha kuti alangize banja latsopano mwachidule. Anaimirira kwa mphindi makumi awiri kufotokoza kuti timu ikafuna injini imalonjeza kumwamba ndi pansi, koma mpikisano woyamba ukalephereka, timu imati injini ndi yofooka, a injini amati galimoto ndi yolemera, ndipo onse amakanena kwa atolankhani m'malo mouzana m'nyumba. Anthu anaseka mpaka misozi. Abusa anati sanamvepo ulangizi wolondola chonchi, ngakhale anapempha kuti ulendo wina mukhaleko vesi.

Pagalaja paja panali madalaivala awiri. Mmodzi anali wakalekale, amene mwini timu anamulera yekha. Winayo anabwera ndi injini, chifukwa kampani inanena kuti ngati mukufuna injini yathu, mnyamata wathuyu mumupatse galimoto. Awiriwa ankapatsana moni ndi mano okha. Ankolo ankadziwa zonsezi ndi zina zambiri, pakuti anthu akaona munthu wa tsache samatsitsa mawu. Iwo ankangosesa, kenako n'kupita kuseri kukalemba m'kabuku kawo kofiira.

Mu Meyi 2005, pa masiku oyeserera mpikisano waukulu wa pachaka wa ku Indianapolis, ankolo anauza makaniko wamkulu kuti injini ya dalaivala wakaleyo ikutsokomola chamkati. Makanikoyo anafunsa Joan, Joan anayang'ana pa kompyuta nati zonse zili bwino. Madzulo ake injini inaphulika, utsi tolotolo, ndipo galimoto inabwerera pa ngolo, injini ili ndi chibowo m'mbali choti nkhonya n'kulowa. Aliyense anali atagwira mutu. Ankolo okha anagwada pansi, diso pachibowo, nkhope ili ngwee.

"Ndiye ndi mmene munakhalira mkatimu," anatero m'Chichewa, mokweza ndithu.

Anthu anaona chimwemwe chimenecho ndipo sanachikonde. Wina anakumbukira kuti bamboyu ananeneratu kuti injini ifa. Wina anakumbukira kabuku. Pofika mawa lake anali atawaimitsa kaye ntchito, ndipo a kampani ankanena kuti mwina ndi kazitape wa timu ina, mwinanso anagwira injiniyo. Kabuku anawalanda, koma atakatsegula anapeza kuti sangawerenge ngakhale liwu limodzi.

Anti Evelina anandiimbira foni ndili ku South Bend. Anati a kampani akufuna munthu woti akatanthauzire kabukuko, ndipo ankolo atchula ine. Munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, wachilendo m'dziko la eni, akamuneneza zoononga katundu wa kampani yotere, nkhani yake sithera pa kuchotsedwa ntchito kokha.

Tinakhala mu ofesi ya mwini timu: iyeyo, Joan, loya wa kampani, ankolo ndi ine. Ankolo anavala suti ya kutchalitchi. Nditatsegula kabuku ndinapeza kuti munalibe dzina la munthu ngakhale limodzi. Mwini timu anali Apongozi. Joan anali Ankhoswe. Dalaivala wakale anali Mwana wa M'nyumba, ndipo wobwera ndi injini uja anali Mwana Womupeza. Ndinayenera kufotokozera azungu atatu okwiya kuti kwathu mkazi akalowa m'banja ali kale ndi mwana, mwanayo timamutcha chiyani. Mwini timu anabisa pakamwa ndi dzanja.

Masamba ambiri anali mafunso okhaokha. Kodi n'chifukwa chiyani Mwana Womupeza amalandira injini yatsopano Lachinayi pamene mnzake amalandira yotopa? Kodi Apongozi amawasekerera a injini chifukwa chowakonda kapena chifukwa alibe kwina kolowera? Loya anayamba kuyasamula. Kenako ndinafika pa tsamba la 19 Epulo, ndinaliwerenga chamumtima.

"Ankolo, ili tilidumphe," ndinawanong'oneza.

"Werenga mmene ndinalembera, Mervin. Ndikanafuna kunama ndikanalemba m'Chizungu."

Ndinawerenga. Tsambalo linkati Ankhoswe ayimba foni kuseri kwa matayala, akuti chaka cha mawa injini ikupita ku banja lolemera la kutsidya kwa msewu, Mwana Womupeza apita nayo, ndipo Apongozi asauzidwe mpaka Okutobala. Pansi pake ankolo analemba funso: kodi munthu amene akudziwa kuti akuchoka amaphikabe ndi mtima wonse?

Joan anayang'ana nsapato zake. Mwini timu anandipempha kuti ndibwereze tsikulo, analilemba papepala, kenako anatiuza aulemu kuti tidikire panja. Titatuluka ndinacheuka n'kupeza ankolo atatsamira chitseko, khutu pathabwa. Anandikodola kuti ndibwere ndiwathandize, poti azungu akakwiya amalankhula mothamanga.

Patapita sabata, a kampani atatsegula injini kwawo anapeza kuti chimene chinathyoka chinali mkati mwenimweni, kumene tsache silingafike. Ankolo anabwerera pantchito. Mwini timu, poti anadziwa msanga, anayamba kufunsira injini kwina ndipo timu sinafe. Ankadutsa pamene ankolo akusesa n'kuwafunsa ngati Apongozi alowa bwino m'kabuku lero.

Koma ankolo sanasangalale. A kampani anamuchotsa Joan pagalaja paja n'kumutumiza ku dera lina, ndipo iwo anati munthu wotumidwa sayenera kulipira mlandu wa omutuma. Tsiku lake lomaliza anamupititsira mandasi a anti Evelina m'kabokosi, napepesa kuti makutu awo alibe chitseko. Joan anaseka, kenako analira pang'ono. Ankolo anadikira kuti apukute misozi, ndiye anamufunsanso za mavavu aja. Anati saloledwabe kunena.

Matenda anawagwira kumapeto kwa 2008. Nditapita kukawaona m'chipatala ndinawapeza ataonda, mawu akutuluka pang'onopang'ono, koma atamugwira nesi ndi mafunso. Ankafuna kudziwa kuti makina amene ankawadonthezera mankhwala anapanga ndani, ndipo madokotala anawasankha okha kapena anangopatsidwa ndi akuluakulu. Nesiyo anati sakudziwa koma akafunsa. Atatuluka, ankolo ananditembenukira.

"Dokotala wamkulu ndi wamng'ono uja sakugwirizana za ine. Ndikuwamva m'khonde. Ndikanakonda kuona kuti zitha bwanji."

Anamwalira mu Febuluwale. Pa maliro ku Beech Grove kunabwera amakaniko asanu ndi mmodzi atavala mashati a timu, anakhala pansi, pakapeti, pakati pa azibambo, nayesetsa kutsatira nyimbo zathu ndi milomo. Mwini timu ananyamula nawo bokosi tsiku lopita kubwalo la ndege. Thupi linakagona kwawo ku Chiradzulu.

Meyi wotsatira tinasonkhana kwa anti Evelina pa Lamulungu la mpikisano waukulu. Panja ankawotcha nyama, m'nyumba TV inali yoyatsa, magalimoto akungozungulira. Tinakhala pamipando kuyang'ana, ndipo m'pamene tinazindikira kuti pa tonsefe palibe ankadziwa chimene chikuchitika. Tinkangoona mitundu ikudutsa. Ana a Tusekele, Mmalawi mnzathu, anatopa, napempha m'Chizungu kuti asinthe aike makatuni. Tusekele anatola rimoti, koma anti Evelina, amene anali pakhomo la kukhitchini ndi mbale m'manja, anamuletsa.

"Zisiye ziziphokosera choncho, mwanawe," anatero. "M'nyumba muno mwakhala chete mokwanira."