Zala za Kumapazi Zomangidwa ndi Luzi

Amene akuti ndikunama aimirire pompano, andiyang'ane m'maso muno, anene! Iwe Fakisoni, usandisekere ndi mano a fodyawo. Nthawi imene ine Benedikito ndinkagwira chigawenga cha pa njira ya ku nyanja ya Chiuta, abambo ako anali asanavale kabudula.

Asilikali atangobwerako ku nkhondo, anthu ogula nsomba ku Chiuta, aja opalasa njinga ndi madengu a milamba youma, anayamba kupezeka atafa m'mbali mwa njira ya ku Ngokwe, wina mwezi uno, wina mwezi wamawa, mpaka anakwana anayi, njinga ili pomwepo, dengu lili pomwepo, osasowa ngakhale mutu wa mlamba. Mzungu wa polisi anagwira Che Adamu, telala wachisilamu wa pa Ngokwe, chifukwa choti ndi amene anapeza mtembo wachinayi n'kukanena. Munthu woti nkhuku yake yomwe ankapempha mnzake kuti amuchinjire! Kunatsala masabata awiri kuti apite naye ku Zomba, ndipo aliyense ankadziwa kuti kumeneko n'chingwe basi.

Ine ndinamva ndili kwathu ku Rivirivi ndikutola thonje, ndiye ndinaponya thumba m'mwamba n'kuliyatsa liwiro, pa Liwonde pantoni inali tsidya lina, ndinangowoloka Shire ndikuponda pamitu pa mvuu, ina mpaka inandipatsa moni, ndinadutsa mapiri a ku Machinga fumbi langa likugwetsa anyani m'mitengo, ndipo ndinafika pa Ngokwe thumba lija lisanatere pansi. Mukumva? Lisanatere!

Pamalo pa mtembo wachinayi paja panali patapita masabata atatu, mvula itagwa kasanu, ng'ombe zitapondaponda. Mzungu anati palibe chimene ndingaone. Ndinagwada, ndinanunkhiza, mphuno yanga inaboola dothi mpaka inakapeza phazi la munthuyo pansi pa ziboda makumi anayi, ndinalifukula lathunthu ndi chala chimodzi n'kuliika padzuwa kuti liume. Kenako ndinaitana onse amene anaona mitembo ija. Ndinati, inagona bwanji? Onse anayankha chimodzimodzi: chagada, maso otseka, chibwano chomanga ndi nsanza, zala zazikulu za kumapazi zomangidwa pamodzi ndi luzi, manja opingasa pachifuwa.

Apo ndiye ndinamutembenukira mzungu uja. "Bwana, Msilamu ndani anapingasapo manja a maliro pachifuwa? Iwo amawongola m'mbali. Mwagwira munthu wolakwika!"

Ndipo ndinamuwerengera wakuphayo ngati kalata ya ku Joni. Ndinati ndi mkhristu, ndi mdzukulu wozolowera kukonza maliro, mfundo yake ikuonetsa kuti ndi wamanzere, phazi likuti amatsimphina, chidendene chikuti amayi ake anamwalira ali ndi zaka zisanu, chala chaching'ono chikuti analeredwa ndi amalume ankhanza omwe ankamugoneka m'khola la mbuzi, anapita ku nkhondo kumene ntchito yake inali yonyamula anzake akufa, saba kanthu chifukwa chimene chimamuvuta si njala iyayi, koma belu la njinga likalira mutu wake umabwerera kunkhondo, ndipo akapha amakhala pansi pambali pa malemuyo, n'kumukonza bwinobwino, n'kusuta chingambwe theka lokha, n'kulira. Ndinawaonetsa pamene udzu unauma ndi mchere wa misozi yake, ndinanyambita, ndinawauza kuti tsiku limenelo anadya mbatata. Mzungu analemba mpaka pensulo inayaka moto m'manja mwake, anapempha ina, nayonso phulusa lokhalokha. Anavula chipewa pamaso panga, ine mlimi wa thonje wosavala nsapato! Mukumva, anthu inu?

Lachisanu masana ndinatsogolera apolisi asanu ndi mmodzi mpaka pa chulu china cha m'mbali mwa njira. Ndinati ali kuseriko, ndipo analidi kuseriko, atakhala phee, luzi atasenda kale lili pamiyendo. Sanathawe. Che Adamu anatuluka tsiku lomwelo, mkazi wake anagubuduka pansi ndi nthungululu, ndipo telala uja anandisokera jekete lamatumba khumi ndi awiri limene ndinavala mpaka linatha lokha. Che Adamu anafa ndi ukalamba, pamphasa pake, ana ake atamuzungulira. Ameneyo ndinamuchotsa pachingwe ndi ine, ndipo ndidzanyadira mpaka kumanda.

Ukuti chiyani, Fakisoni? Ukuti chidendene sichinganene za amayi a munthu? Iwe mwana wamwano iwe. Chabwino, tsegula makutuwo, chifukwa sindidzabwerezanso.

Chidendene sichinandiuze kanthu. Amayi amene anamwalira aja anali amayi anganso, ndipo m'khola la mbuzi lija tinkagonamo awiri. Anali Damiyano, mng'ono wanga, amene anakakwatira ku Ngokwe. Ndinamudziwa tsiku limene ndinangomva mmene mtembo woyamba unagonera, koma ndinapitiriza kutola thonje langa, pakamwa nditatseka, miyezi itatu yathunthu. Pa chulu paja atandiona ndili ndi apolisi, anangotambasula manja kuti amumange, n'kunena kuti, "Achimwene, mwachedwatu."

Sananame. Ndikanapita msanga, atatu enawo akanafika kwawo ndi nsomba zawo.