Mbale imene inaphwetsa mtsinje wa Mekong

Mai a Farai, ndakuonani mukutsinzinira mnzanuyo pamene ndimati ndinaphwetsapo mtsinje. Tsinzinani ndithu, maso ndi anu. Koma nonsenu amayi a Mvano mwakhala nane muno mu Gaika, kuno ku Kwekwe, kuyambira ana athu ali kumsana, ndani anandimvapo ndikukweza mawu kapena kukokomeza nkhani? Ine ngakhale nkhuku ndimaipirikitsa mopepesa. Zimene ndinene panozi ndi zoona, ndikulumbira pali malemu bambo anga amene anagona ku Connemara atasiya mapapo awo mumgodi. Wokayika atsale panja pamodzi ndi nsapato zake.

Mukudziwa kuti mwana wanga Tadala amaphunzitsa Chingerezi ku Thailand. Chaka chatha ananditumizira tikiti kuti nanenso ndikayendeko ngati alendo aja ongoona malo, chipewa kumutu, manja opanda ntchito. Sakhala mumzinda waukulu wa pa TV uja, ayi. Amakhala kumalire, dera lotchedwa Nakhon Phanom, m'mbali mwa mtsinje wa Mekong, kumene ukaima tsidya lino uli ku Thailand, ukaponya maso tsidya linalo ukuona mapiri a dziko la Laos. Kumeneko kuli bata moti galu akafuna kuuwa amayamba wasuzumira ngati pali wina wagona, njinga zamoto zimadutsa monyang'ama, ndipo tsiku lina ndili pakhonde tsamba la mango linathothoka, anthu a tsidya lija n'kucheuka kuti aone chagwa n'chiyani. Ine wozolowera zigayo za miyala ndi makombi, maminibasi aja a ku Silobela, makutu anachita kundiwawa. Anthu akenso ofatsa. Woyendetsa kanjinga ka matayala atatu, kamene amati tukutuku, anangoona m'mene ndikukwezera bondo langali, anatsika n'kundiikira kabokosi kopondapo, maso ali kumbali kuti ndisachite manyazi.

M'mawa woyamba kunabwera mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana, wamfupi, tsitsi lili mbuu, Tadala amawatchula kuti a Noi. Ananyamula mbale yoyera yachitsulo ya mkombero wabuluu, pamenepo pali kadengu ka mpunga wonanda ndi mango osenda kale. Iwo anaphatikiza manja pachifuwa n'kuwerama, ine ndinagwada n'kuomba m'manja. Chilankhulo chawo sindichimva, changa sachimva. Tinadya bwino. Kenaka ndinaona mwana wanga, wobereka ine, woleredwa ndi manja awa, akutsuka mbale ija, kuipukuta, n'kumapita nayo ili mbee. Mukumva? Yopanda ngakhale kamchere. Nditamufunsa anati wakhala akutero chifikireni, ati kuno sasamala zimenezo.

Ndinakhala pansi. Chaka chathunthu mbale za eni zikubwerera zopanda kanthu kuchokera m'manja mwa mwana wa kwa Phiri. Ndinamuuza motsitsa mawu kuti mbale yobwerera yopanda kanthu imatseka chitseko, ndipo tsiku limene thupi lidzatenthe, amako ali ku Kwekwe, adzagogoda pakhomo pako ndani? Iye anangoseka, ati amayi mumadandaula zambiri. Ine ndinatsimikiza mumtima kuti sindikwera ndege dzina lathu lisanayere, ndiponso mwanayu asanakhale ndi munthu womugogodera.

Mbale ija itabweranso, ndinatsegula sutikesi. Ndinayamba ndi chiponde chija kuno timati dovi, ndinaika pambale n'kukapereka ndekha. Ndisanakhale n'komwe pampando, mbale yabwerera ili ndi nsomba yowotcha yopaka mchere. Ndinaikapo maputi, chimanga chokazinga chija, inabwera ndi mkoko wa nthochi, ndinaikapo matemba, inabwera ndi nkhuku yootcha ndi mapapaya aawisi osinja ndi tsabola wolizitsa munthu wamkulu, ndinaikapo chitenje changa chabwino chija, inabwera ndi nsalu yoluka pamanja yaitali moti nsonga imodzi inali italowa kale m'nyumba mwathu pamene inayo a Noi anali akuilukabe kwawo. Mbale inayenda, inayendanso, mpaka inazolowera njira n'kuyamba kupita yokha, kugogoda yokha, ndipo ikafika pakhomo inkaima kaye pang'ono monga amachitira anthu a kumeneko povula nsapato. Mukumva? Tadala ankanditenga kukaona akachisi a madenga onyezimira ndi kukakwera bwato, koma ine diso limodzi linali pa kachisi, linalo lili pa njira ya mbale. Chakudya chinachuluka moti tinayamba kugawira amonke aja ovala nsalu zachikasu, amene amadutsa m'mamawa opanda nsapato atanyamula mbale zawo, ndipo sipanapite nthawi nsalu zija zinayamba kuwathina. Sanadandaule. Ankangodutsa pakhomo pathu mofulumirirapo.

Sutikesi inatha. Munatsala mswachi ndi Baibulo. Ndiye m'mawa wina ndinatenga mbale ija n'kutsetserekera kumtsinje, poti ndili mtsikana bambo anga anandiphunzitsa kupeta mchenga m'madzi pofuna golide, ndinati mwina ndipezako kambewu kamodzi kokaika pambale. Ndinapinda chitenje, ndinalowa mpaka m'mawondo, ndinayamba kuzunguza mbale pang'onopang'ono monga timachitira ku Silobela, koma dzanja la mwana wa mumgodi siliiwala, madzi anayamba kuzungulira nane, mabwato a asodzi anayamba kuzungulira nawo mwakachetechete, asodziwo atagwira zipewa zawo akumwetulira mwaulemu pondidutsa, ndipo pakati pa madzi ozungulirawo panavuuka mlamba, mutu wake ngati kombi, ndevu zake ngati mawaya a magetsi. Sindinakuwe, mukundidziwa. Ndinaupatsa moni, ndinaufunsa za kunyumba, kenaka ndinaufotokozera vuto langa monga mayi. Unandiyang'ana nthawi yaitali, unapuma mozama, n'kudzagoneka wokha chibwano chake pambale, mchira uli ku Laos.

Nditaukokera kumtunda, mtsinje unaphwa. Inde, mai a Farai, unaphwa mpaka m'akakolo, chifukwa theka la Mekong linali nsombayo. Anthu a ku Laos anawoloka wapansi kudzaona abale awo, agogo ena anapeza poto amene anagwetsa m'madzi ali mtsikana, ndipo pakati penipeni pa mchenga achinyamata awiri amene ankangokodolana ndi manja kwa zaka zambiri anapatsana moni koyamba. Posakhalitsa kunabwera asilikali a malire a mbali zonse ziwiri. Anavula nsapato, anaphatikiza manja, n'kupempha kudzera mwa Tadala kuti ngati sikundivuta ndibweze nsombayo, chifukwa malire awo ndi madziwo, ndiye pakali pano sakudziwa poima. Ndinawapepesa kwambiri, ndinati adikire kaye mwini mphatso aione.

A Noi anabwera ndi kaambulera kawo. Anaizungulira nsomba ija, anagwedeza mutu, anaisisita ndevu, anaidyetsa kambamu ka mpunga, n'kuikankhira okha m'madzi ndi chala chimodzi. Mtsinje unabwerera, malire anapezeka, asilikali anavala nsapato. Ine ndinakwera mtunda ndikutsimphina, koma mumtima ndikuti lero ndiye ndathana nawo, nanga nsomba yotere angaibweze ndi chiyani? Ndisanapukute mapazi, gogogo. Mbale. Pamenepo panali kabotolo kakang'ono ka mafuta otikitira bondo, basi. Anthu onse ankayang'ana nsomba, iwo ankayang'ana kayendedwe kanga. Apo ndiye ndinalowa kuchipinda n'kutsekako chitseko pang'ono.

Tsiku lonyamuka linafika ndilibe choika. Ndinamugwira Tadala padzanja monga ndinkachitira popita naye ku sukulu ya mkaka, tinapita kwa a Noi, ndinavula nsapato, ndinagwada, ndinaika mbale pansi, ndinatenga dzanja la mwana wanga n'kuligoneka pambalepo, n'kuikankhira kwa iwo. Ndinalankhula m'Chichewa changa chomwechi.

"Amayi, china ndilibe. Uyu ndi wanu. Akalakwa mumukalipire, akadwala mugogode."

Tadala anati ayambe kumasulira, a Noi anamuletsa ndi dzanja. Anatulutsa kaulusi koyera n'kumumanga pamkono, akung'ung'udza mawu awo, kenaka anatenga mbale n'kulowa nayo m'nyumba. Ndinadikira. Sinabwere. Tukutuku inafika, sinabwere. Ndinakwera ndege ndili wopambana, ine mai a Tadala a ku Gaika, amene ndinagonjetsa dziko lonse la Thailand ndi mbale imodzi, ndipo ndinamuuzako mayi amene ndinakhala naye pampando, ngakhale anali m'tulo.

Nditafika kuno ndinatsegula sutikesi pamaso pa abambo a Tadala kuti ndiwaonetse nsalu yaitali ija. Pansi pa nsaluyo panali mbale. Analowetsa liti, sindikudziwa mpaka lero. Pambalepo panali kadengu ka mpunga, utadutsa nyanja ndi mayiko, utakwera basi ya ku Harare, koma uli wotentha moti abambo anu aja anapsa chala, mukawafunse. Pambali pa kadenguko panali kiyi womangidwa ndi kaulusi koyera. Ndinamuimbira Tadala. Anaseka mpaka kutsamwa, ati a Noi akuti popeza mwana ndi wawo tsopano, nyumba yawo ndi yanu, mudzatsegule nokha tsiku lobweza mbale. Mwezi wathawu mwanayo anagwidwa ndi chimfine chachikulu. Ndinamufunsa ngati a Noi anagogoda. Anati ayi, sanagogode, anangolowa.

Tsono za mlamba uja, mai a Farai, ngati wakukulirani dulaniko mchira, sindikangana nanu. Koma za mbale musanditsutse, ndi iyo mwadyeramo mabisiketiyo, tembenuzani muone zilembo zawo kunsiko. Ndipo wina asatuluke muno n'kumati ndinagonja. Sindinagonje ine, ndikungoganiza choikapo. M'mawa uliwonse ndikamasesa pabwalo ndimayang'ana chulu cha mchenga wa mumgodi chili apocho, ndipo ndikuona kuti nditachipinda bwino chikwanapo.