A Mphuno ndi Mazira Zana a Mlamu Wawo

Mu msewu wathu munali munthu wokonza zamagetsi amene sankakhudza chinthu asanachinunkhize. Tinkawatchula kuti a Mphuno, ndipo dzina lawo lenileni ngakhale akazi awo ankayamba aliganizira kaye. Miyezi itatu yatha chimwalirireni ndipo akuluakulu onse angoti zii, ndiye ndati ndilembe ndine, zingaiwalike.

Ukawabweretsera wailesi sankafunsa kuti yatani. Ankatsegula kumbuyo, n'kutsinzina, n'kukoka mpweya ngati munthu wosankha sopo m'sitolo.

"Iyi yafa Lachiwiri," anawauza a telala tsiku lina. "Munaithira tiyi."

"Sindinathire ine."

"Wamkaka."

"Ndi mwana," anatero a telala.

Aphunzitsi a kusekondale anawaitanapo kuti wailesi yakanema yapsa. A Mphuno ananunkhiza kanayi, nati palibe maliro pano, kenako anawerama n'kulowetsa pulagi pakhoma. Aphunzitsiwo anatha mwezi osawapatsa moni.

Lamulo lawo linali limodzi. Uyambe ndi mphuno, upite pakhoma, uone chingwe, chinthucho uchikhudze pomaliza. "Wofulumira amaika m'manda munthu amene wangogona," ankatero.

Amene analawa lamuloli mpaka kukhuta ndi mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, amene tinkawatchula kuti Mayi a Nkhuku. Chaka china matenda anasesa khola lawo lonse, osasiya ndi nthenga yomwe. Kuti ayambirenso, a Mphuno anawapangira makina oswetsa mazira: filiji yakale, mababu awiri, kafani, ndi kabolodi kakang'ono ngati bokosi la machesi. Kabolodiko ndiko kanali ubongo. Kankayeza kutentha n'kumauza mababu nthawi yoyaka ndi yozima. Mkatimo munali mazira zana, ndipo kunatsala masiku awiri kuti aswe.

M'mawa wa tsiku limenelo magetsi anazima, kenako anabwerera mwaukali. Chilichonse m'nyumba chinadzuka kupatula kabolodi. Mayi a Nkhuku anafika kushopu ya a Mphuno nsapato imodzi ili m'manja.

"Alamu, thamangani! Mazira akuzizira!"

"Magetsi sakonda munthu wopuma wefuwefu," anatero a Mphuno, n'kuyamba kufunafuna chipewa.

Atafika anagwada, ananunkhiza kabolodi, nati sikanapse. Pakhoma moto unalipo. Atanunkhiza adaputa, kabokosi kakuda kamene kamachepetsa moto usanafike pa kabolodi, anavula chipewa.

"Wakufa ndi uyu. Wafera mwana."

Anayeza ndi mita kuti mlamu wawo akhulupirire, mita inati ziro. Anatulutsa adaputa ina m'thumba n'kulumikiza. Kanyali kobiriwira kanayaka, koma mababu anangokhala chete. Anadina kabatani koyambitsanso. Zii.

"Kadzuka, koma kaiwala ntchito yake. Magetsi aja akabalalitsa nzeru. Kafunika kukaphunzitsanso ndi laputopu."

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Laputopu yanga imadzuka ikafuna."

Mayi a Nkhuku anatenga dzira limodzi n'kuliika patsaya. Linali litayamba kuzizira. Anaona m'maganizo khola lija lili mbee chaka chinanso, ndiye anatuluka panja n'kuitana msewu wonse. Amene anabwera kudzaonerera anapatsidwa mazira. A telala analandira khumi m'malaya. Wometa anapatsidwa awiri kukhwapa lililonse ndi ena pamimba. Azimayi anatenga ochuluka, popeza malo anali nawo. Aphunzitsi ankangodutsa.

"Mayi, ine ndili ndi digiri."

"Dziralo silikudziwa. Kwezani mkono."

Anthu khumi ndi awiri anakhala pakhonde mondondozana, tsonga, ngati mboni kukhoti. Kuseka kunaletsedwa. Kutsokomola kunkayamba kwapemphedwa.

Laputopu itadzuka, a Mphuno analumikiza kabolodi. Laputopu inati sikuona kanthu. Anazula n'kulumikizanso. Sikuona kanthu. Kwa nthawi yoyamba Mayi a Nkhuku anaona thukuta pamphuno yotchuka ija. A Mphuno anatenga chingwe n'kuchiika pamphuno nthawi yaitali.

"Alamu, nachonso chapsa?"

"Ayi. Ndikuganiza."

Kenako anaimirira pakhomo n'kulankhula ngati munthu woulula tchimo. "Ndalumpha chingwe. Ichi n'chotchajira foni basi. Chimanyamula moto koma sichinyamula mawu."

Aphunzitsi anali atadikira tsiku limeneli chaka chathunthu. Anayesa kudzigwira, mapewa anagwedezeka, ndipo kukhwapa kwawo kunamveka phwa.

"Limenelo linali tambala," anatero Mayi a Nkhuku, osatembenuka.

Chingwe chabwino chinali m'thumba la thalauza la wometa, amene sakanatha kusuntha mikono. A Mphuno anapisamo okha, onse awiri akuyang'ana kudenga. Pulogalamu inalowa pang'onopang'ono, kanyali kanaphethira, kafani kanazungulira, mababu n'kuyaka. Palibe anaomba m'manja, manja anali otanganidwa. Patapita masiku awiri kunaswa anapiye makumi asanu ndi atatu, ndipo Mayi a Nkhuku mpaka lero amati olongolola kwambiri ndi amene anafungatiridwa ndi wometa.

Tsiku lomwelo a Mphuno anamata kapepala mkati mwa chitseko cha filiji. Mlamu wawo sanakawerenge. "Ndiwerengerenji, eni ake muli pompa?"

A Mphuno anadwala sabata imodzi yokha. Shopu yawo tsopano ndi yotseka, ndipo wailesi ikafa timapita nayo kwa anthu amene amangoiyang'ana kunja n'kunena kuti gulani ina. A telala yawo anangoisunga pashelefu. Aphunzitsi akamadutsa pashopupo amavula chipewa, moni wa mwezi uja akubwezabe.

Lachinayi lapitali magetsi anazimanso, ndipo atabwera kabolodi sikanadzuke. Mayi a Nkhuku anali atavula kale nsapato imodzi pamene anakumbukira kuti kothamangira kulibe. Anatsegula filiji n'kuwerenga kapepala kaja. Mzere woyamba unati nunkhizani. Anayang'ana uku ndi uku, anagwada, n'kununkhiza. Anaona pakhoma, anaona chingwe, anaona adaputa, osalumpha chilichonse. Atadina kabatani, mababu anayaka.

Panalibenso chifukwa chowerengera, komabe anafika mpaka pansi. Mzere womaliza unati: "Zikakanika zonsezi, alamu, mazira m'malaya, ndiye mundiitane. Musathamange."

Anaima pomwepo kanthawi, nsapato ili m'manja. Kenako anatseka chitseko pang'onopang'ono kuti kutentha kungatuluke.